Kalata yotseguka kwa mabwana athu a ntchito yozimitsa moto: chisoti choyera chija n'cha yani?

Mabwana anga,

Pepani kuti ndalankhulira pabwalo. Mwambo wa ntchito yathu ndimaudziwa: dandaulo limayambira kwa wotsogolera shifiti, iye n'kukalitula kwa mkulu wa siteshoni, kenako likwere mpaka lifike patebulo panu. Ndikanatsata njira imeneyo, koma yandikanika poyambira pomwe. Shifiti yathu ili ndi atsogoleri awiri, ndipo ndikapereka kalatayi kwa mmodzi ndiye kuti ndanyoza winayo. Makalata awiri amene tinasainira tonse a pashifiti, ina mu Novembala ina mu Febuluwale, mpaka lero ali zii.

Ine ndine dalaivala, ndipo tikafika pamoto ndine amene ndimaima pa pampu. Ndagwira ntchitoyi zaka 19 kuno ku Mzuzu. Kwathu ndi ku Dedza, koma ana anga onse anabadwira konkuno, moti Chitumbuka amandiphunzitsa ndi iwo. Nyota paphewa ndilibe, ndipo pamsinkhu ndafikapowu sindikuziyembekezanso. Choncho pa mpando ukulimbiranidwawu palibe chimene ndikudyapo. Langa ndi lina, ndipo ndilifotokoza.

Anthu awiriwa sindiwatchula mayina, inu mukuwadziwa. Mmodzi ndizingoti Achikulire, monga timawaitanira pasiteshoni. Winayo ndiziti Mnyamata, ngakhale ndi bambo wa ana awiri.

Zinayamba pamene wotsogolera shifiti yathu anapuma pantchito. Lolemba lotsatira, pa perete wa m'mawa, mmodzi mwa inu anaitana Achikulire kutsogolo n'kunena kuti, "Mugwirizire kaye, tikukonza." Tinawomba m'manja, chifukwa panalibe amene akanatsutsa. Patatha milungu itatu kalata inabwera yonena kuti agwirizira udindowo miyezi 6 ndipo azilandira alawansi ya akitingi. Miyezi 6 ija itakwana, alawansi inaima, koma ntchito sinaime. Palibe anabwera kudzatenga nyota, palibe anaitanitsa makiyi a chipinda cha zipangizo, ndipo dzina lawo linangokhalabe pamwamba pa rosita. Atapita kukafunsa ku ofesi anauzidwa kuti kalata yowonjezera nthawi ili m'njira, ndalama zonse adzalandira pamodzi ngati maariyasi. "Kaye" uja anatha zaka zitatu ndi miyezi inayi.

M'zaka zonsezo ndi iwo ankalemba m'buku la zochitika, ndi iwo ankasainira mafuta ndi zipangizo, ndi iwo ankasankha woti alowe mu utsi ndi woti atsale panja. Mnzathu wina atataya mwana, ndi iwo anakaimira ntchito yathu pamaliro n'kulankhula m'malo mwanu. Tsiku lina mlomo wamkuwa wa payipi unasowa pa chipwirikiti cha moto wina, mwachidziwikire unatoledwa ndi ogula zitsulo zakale. Ofesi sinachedwe: ndalama yake inadulidwa pa malipiro a Achikulire, ati chifukwa iwo ndiwo mkulu wa shifiti. Pa mlandu anali bwana, koma pa tsiku la malipiro anali wozimitsa moto wamba.

Mnyamata munamutumiza ku maphunziro, ndipo munachita bwino. Ndi wakhama, wamutu, saopa moto komanso sauderera. Atabwerako ndi satifiketi, mu Ogasiti chaka chatha, munamupatsa kalata yoti agwirizire udindo womwe uja, pa shifiti yomwe ija. Achikulire sanaitanidwe ku ofesi. Anamva kwa Mnyamata mwini wake, amene anawaitanira kuseri kwa galimoto, ine ndili pansi pake ndikuyang'ana mabuleki, n'kutulutsa kalatayo m'thumba ngati munthu wobweretsa uthenga wa maliro.

"Akulu, ine izi sindinapemphe."

Achikulire anaiwerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino momwe inalili, n'kumubwezera.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Yako ndayiona. Nanga yanga ili kuti?"

Ankanena kalata yowauza kuti atule udindo. Mpaka pano sinabwere. Atafunsa kwa mkulu wa siteshoni anayankhidwa kuti, "Muzithandizana kaye awirinu, tikukonza." Kaye winanso ameneyo. Musaiwale kuti ndi Achikulire amene anamuphunzitsa Mnyamata kukulunga payipi ndi kumanga mfundo pa chingwe, tsiku lake loyamba pantchito.

Pasiteshoni pathu wotsogolera shifiti amavala chisoti choyera, enafe zachikasu, kuti mu utsi ndi mumdima munthu ungotukula maso n'kudziwa kuti mawu achokera kuti. Shifiti yathu ili ndi chisoti choyera chimodzi. Kuyambira Ogasiti uja chili pa msomali pafupi ndi bolodi ya rosita. Achikulire sachikhudza chifukwa akuti alibe pepala. Mnyamata sachikhudza chifukwa akuti sangavule bambo wake chipewa pamaso pa anthu. Belu likalira aliyense amatola chachikasu n'kuthamanga, choyeracho n'kutsala. Chachita fumbi, ndipo sabata yatha ndinapeza kangaude atamangamo. Pa bolodi pali dzina la Achikulire, m'faelo ku ofesi muli la Mnyamata.

Mwina kwa inu iyi ndi nkhani ya mapepala, ya anthu awiri okanganirana ka alawansi. Lolani ndikuuzeni momwe imaonekera ukaima pa pampu.

Unali usiku wa mu Okutobala, nthawi ya kutentha ija, mphepo ikuwomba ndithu, komanso inali nyengo imene mafuta ankasowa, magalimoto akugona pamizere. Anatiitana cha m'ma 1 koloko ku dera lina la nyumba zothithikana. Msewu wake ndi wa fumbi, wopanikiza, moti ndinachita kulowa chobwerera m'mbuyo pokhota pomaliza. Unkayaka unali shedi ya kalipentala yodzaza matabwa a paini. Mbali imodzi kunali kagolosale, mbali imene mphepo inkalowera kunali nyumba ya banja, denga lake litatsala pang'ono kugundana ndi la shediyo.

Galimoto yathu imanyamula madzi malita 4,000. Kwa munthu wotunga ndi chidebe amenewo ndi madzi ambiri, koma payipi imodzi yotsegulidwa bwino imawamaliza mphindi khumi zisanakwane. Mukatsegula ziwiri, gawani pakati. Kumeneko kulibe hydrant, mpope wa m'mbali mwa msewu wotungapo madzi ozimitsira moto, ndipo kupita kukatunga ndi kubwerako ndi theka la ola kapena kuposa. Ndiye nzeru yonse ya wotsogolera imagona pa funso limodzi: madzi ochepawa ndiwaponye pati?

Achikulire atangotsika ananunkhiza m'mwamba n'kunena kuti pali fungo la petulo, muli zigubu m'golosalemo. Anandikuwira kuti payipi imodzi yokha, tinyowetse khoma ndi denga la nyumba, shediyo yapita kale tiyileke. Nthawi yomweyo Mnyamata, ali mbali ina ya galimoto, anakuwa kuti payipi ziwiri, tiumenye moto pamtima usanafike pa golosale. Palibe amene analankhula zopusa. Njira zonse ziwiri zili m'mabuku, ndipo iliyonse ikanatsatidwa yokha, ndi mtima umodzi, ndikhulupirira ikanapulumutsa kanthu. Anyamata anayi anali atagwira kale mapayipi, awiri kuloza ku nyumba, awiri kuloza ku shedi, onse akuyang'ana ine. Anthu atatizungulira akukuwa kuti tathirani madzi, mwabwera kudzaonerera kodi.

Ndinaima dzanja lili pa chotsegulira. Kunena zoona inali mphindi imodzi kapena kucheperapo, koma pamoto wa paini wouma mphindi ndi yaitali. Kenako ndinachita chinthu choipa kuposa zonse: ndinatsegula mbali zonse ziwiri, kuti ndisanyoze aliyense. Mapanga awiri avumbwitsa, akulu ananena. Madzi anatha moto wa m'shedi usanagonje, nyumba isananyowe mokwanira. Chigubu china chinaphulika m'golosale, mnzathu mmodzi anapsa pakhosi ndi pamkono. Mmene ndinkatembenuza galimoto kuti ndikatunge ena, denga la nyumba lija linali litagwira. Miyala inayamba kugwa, galasi lakutsogolo n'kung'aluka, ndipo mng'aluwo ulipobe, ndimayang'anira momwemo poyendetsa.

Palibe anamwalira, Mulungu ndi wabwino. Koma pobwera ulendo wachiwiri ndinaona mayi wa nyumbayo atakhala pa matiresi pakati pa msewu, atafungatira mutu wa makina osokera, ana atatu atamukangamira. Sankalira, sankatitukwana. Ankangotiyang'ana. Ndikanakonda akanatitukwana.

M'mawa mwake lipoti linafunika. Achikulire anati asaine wa kalata. Mnyamata anati asaine wa pa bolodi. Linapita ku ofesi losasainidwa, linabwezedwa, linapitanso ndi masaini awiri. Pamapeto pake funso linagwera ine: bwanji unatsegula mapayipi awiri madzi ali ochepa? Kalata yanga ya chenjezo inafika patatha masiku anayi okha, yotayipidwa bwino, ya chidindo. Sindikuikana, ndinalakwadi, ndipo ndinasaina. Chimene chinandidabwitsa ndi liwiro lake. Ofesi yomwe yalephera kwa zaka zitatu kulemba mizere isanu yonena kuti wotsogolera ndi uyu, inatha kulemba tsamba lathunthu m'masiku anayi lonena kuti sindinamvere wotsogolera. M'kalatamo simunatchule kuti wotsogolerayo anali ndani.

Ntchito yathu si ya m'ofesi momwe anthu awiri angakhale pa desiki imodzi n'kumagawana mafaelo. Munthu akalowa m'nyumba ya utsi ndi silinda ya mpweya kumsana, silindayo imamusunga pafupifupi theka la ola, ndipo akamagwira ntchito yolemetsa imatha msanga. Mkatimo saona kanthu, nthawi saidziwa. Moyo wake uli m'manja mwa amene ali panja, amene akudziwa kuti alowa angati, alowa nthawi yanji, ndipo denga layamba kulira kapena ayi. Munthu ameneyo akati tulukani, palibe kufunsa kuti chifukwa chiyani. N'chifukwa chake timaguba pa perete ngati asilikali pomwe sitigwira mfuti: tikuzoloweretsa thupi kumvera liwu limodzi lisanaganize. Ndiye mwatipatsa mawu awiri. Tsiku lina wina adzati tulukani, wina adzati pitirizani, ndipo pamenepo sipadzapsa denga lokha.

Mzuzu si uja wa kale ayi. Anakhala mzinda mu 1985 ali katauni kakang'ono, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000, ndipo aliyense woyenda ku Mchengautuwa, ku Zolozolo, ku Chibavi kapena ku Masasa akuona momwe nyumba zikukwerera mapiri ndi kutsikira m'madambo, kumene galimoto yaikulu siingafike. Matabwa a ku Chikangawa, nkhalango yobzalidwa ya mahekitala 53,000, amathera m'mashedi ndi m'misika ya mumzinda muno. Mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amakwera Chiweta n'kudutsa pakati pa tauni pa msewu wa M1. Tonse tikukumbukira m'bandakucha wa pa 18 Disembala 2015 pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000, komanso madzi osefukira a mu Epulo 2016 amene anagwetsa nyumba ndi kupha anthu. Zikachitika zoterozo anthu saimbira ofesi ya olemba ntchito, amaimbira ife. Mzinda wotere ndi woti shifiti yake yausiku izipita ku moto chisoti cha mtsogoleri chili pa msomali?

Za ndalama ndinena mwachidule, chifukwa mwini wake sakonda kuzitchula. Maariyasi a Achikulire akuyandikira zaka zitatu. M'nthawi imene akhala akudikirayi kwacha yagwetsedwa kawiri, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene ikanagula malata nthawi ija, lero mwina igula misomali yake. Ndipo pali china chimene achinyamata sachiona. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo kwa ife zimawerengeredwa pa malipiro a giredi imene uli nayo papepala. Munthu wasenza udindo wa pamwamba zaka zitatu, koma penshoni yake yakhala ikukula ngati ya munthu wa pansi. Achikulire atsala ndi zaka zinayi kuti apume. Adzapita kumudzi ndi nkhani zoti ankatsogolera shifiti, koma m'thumba mudzakhala mwa munthu amene sanatsogolerepo.

Ine si loya, koma malamulo ena amawerengedwa pa wailesi ndipo tili ndi makutu. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Gawo 43 limati aliyense amene wakhudzidwa ndi chiganizo cha akuluakulu a ofesi ali ndi ufulu wouzidwa zifukwa zake molembedwa. Lamulo la ntchito la 2000, pa gawo 6, limati ntchito yofanana malipiro ofanana. Khoti la nkhani za ntchito lili konkuno ku Mzuzu, ofesi ya Ombudsman ilinso konkuno, ndipo anthu akhala akuwakankha Achikulire kuti apiteko. Iwo akukana, akuti sangasumire ntchito imene yawalerera ana. Ulemu umenewo musauyese kupusa, mabwana, ndipo musaudalire kwambiri. Ana awo ndi ophunzira, ndipo alibe chifundo chimene bambo awo ali nacho pa inu.

Mayankho anu ndikuwadziwa, chifukwa timawamva m'makonde. Mumati ndalama palibe. Koma mpandowo ulipo pa mndandanda wa maudindo, ndipo amene anapuma uja ankalandira malipiro ake mwezi ndi mwezi. Iye atachoka ndalamayo inalowera kuti? Mumati kukweza munthu kumafuna chilolezo cha kulikulu ndi mayeso a intaviyu. Chabwino, nanga m'zaka zitatu munalembako kangati kulikuluko, ndipo anayankha chiyani? Tionetseni, tidzakhala mbali yanu. Mumatinso Achikulire mapepala awo ndi ochepa, anathera pa JC, pomwe mpandowo umafuna MSCE ndi satifiketi ya ntchito. Pamenepa ndiye pamandiwawa. Ngati JC yawo siikwana, inakwana bwanji pamene munawapatsa miyoyo ya anthu asanu ndi mmodzi usiku uliwonse kwa zaka zitatu? Mukanawauza tsiku loyamba lomwe lija kuti bambo, mpandowu simudzautenga pokhapokha mutalemba Fomu 4, bwenzi atalowa sukulu ya madzulo, ndipo bwenzi pano atalemba kale. Munawasiya akuyembekeza chifukwa munthu woyembekeza amalimbikira ntchito.

Pali chinthu chimene ndachiona m'zaka 19 zimenezi chomwe sichinenedwa poyera, ndipo ndichinena. Munthu wogwirizira udindo sakana kanthu. Amadziwa kuti anaikidwa ndi pakamwa ndipo atha kuchotsedwa ndi pakamwa. Wotsogolera wokhazikika amatha kuima pamaso panu n'kunena kuti galimoto iyi situluka, matayala atha, kapena kuti anyamata anga salowa mu utsi ndi masilinda amene sanayezedwe. Wa akitingi amayamba waganiza kaye za nyota zake. Ndawaona Achikulire, munthu wolimba mtima pamoto, atalemba lipoti la matayala n'kuling'amba, ati tisawakwiyitse panopa, kalata yanga ili pafupi. Matayala amenewo ndimayendetsa ndine, pa mtsetse wa ku Kaning'ina, thanki itadzaza. Sindikunena kuti mumachitira dala. Ndikunena kuti zimakupepukirani, ndipo chinthu chopepukira bwana sichikonzedwa msanga.

Mnyamata nayenso walowa mu msampha womwewo. Miyezi 6 yake inatha mu Febuluwale, alawansi inaima, ndipo atakafunsa anauzidwa kuti kalata yowonjezera ili m'njira. Atabwerako anakhala pa benchi pafupi ndi Achikulire, onse awiri n'kuseka mpaka misozi. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka limodzi chichokereni Ogasiti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma kusekako kunali kwa tsiku limodzi. Pasiteshoni zinthu zaipa. Kale usiku tinkaphika mphika umodzi wa nsima, wina wabweretsa usipa wa ku Nkhata Bay, wina mphangwe, tonse n'kudyera pamodzi. Lero miphika ndi iwiri. Awiriwo sanayambane, amalonjerana mwaulemu wonse, koma anthu awo ndi amene agawikana. Popeza inu simunapereke chifukwa, aliyense wapeka chake. Ena akuti Mnyamata ndi wa kwawo kwa bwana wakutiwakuti. Ena akuti Achikulire akuwapondereza chifukwa cha chigawo chimene amachokera. Ena afika ponena za mankhwala. Ine sindikhulupirira chilichonse mwa zimenezi, ndikuganiza kuti ndi ulesi wa cholembera basi. Koma mawu a mtundu ndi chigawo akalowa pakati pa anthu amene amagwirirana makwerero, kuwatulutsa kwake n'kovuta, ndipo mu mzinda ngati uno, momwe Mtumbuka, Mtonga, Mngonde ndi Mchewa amagona chipinda chimodzi podikira belu, ndi moto woposa wa petulo.

Mukandifunsa kuti ndikufuna ndani, ndikuyankhani mosabisa, ngakhale ena a pashifiti adzandikwiyira. Mtima wanga uli kwa Achikulire, koma sindikupempha kuti muwapatse mpandowo ngati chipepeso. Ulengezeni poyera, munene zofunika zake, onse oyenera apikisane, ndipo mayesowo asakhale a m'chipinda okha. Atulutseni pabwalo, muwapatse galimoto, anthu asanu ndi madzi ochepa, muone amene aganize msanga. Zaka zimene munthu wagwirizira udindo ziwerengedwe ngati luso, osati ngati nthawi yotayika. Mwina Mnyamata adzapambana, ndipo akatero ndidzamumvera ndi mtima wonse, chifukwa adzakhala mtsogoleri wabwino. Achikulire nawonso anandiuza okha kuti atha kugwira payipi pansi pa mwana amene anamuphunzitsa, bola awauze mwaulemu, papepala, n'kuwapatsa zawo. Chimene sangapirire ndi kuchotsedwa ngati chikwangwani, osauzidwa n'komwe kuti achotsedwa.

Ndipo izi zisathere pa anthu awiriwa. Shifiti ina ili ndi munthu amene wagwirizira chaka chachiwiri tsopano, ndipo akuona zonsezi. Lembani lamulo looneka, lipachikidwe pa bolodi: wogwirizira udindo alandire kalata asanavale nyota, kalatayo inene tsiku loyamba ndi lomaliza ndi ndalama yake, ndipo tsiku lomalizalo likafika pakhale chimodzi mwa ziwiri, kumukhazikitsa kapena kumuthokoza molembedwa n'kuika wina. Alawansi iziyenda limodzi ndi ntchito, ikaima nayonso ntchito iime. Zimenezi sizifuna galimoto yatsopano kapena thandizo la kunja. Zifuna pepala, chidindo ndi munthu wolimba mtima woti asaine.

Mnzathu anapsa uja wachira, koma khosi lake silitembenuka bwino ndipo zipsera zimamuyabwa kukatentha. Mafomu a chipukuta misozi ake ali ndi malo oti asaine amene ankatsogolera pa ngoziyo. Malowo akadali opanda kanthu, ndipo mafomuwo ali mu kabati.

Kukonza zonse ndatchulazi kutenga nthawi, ndikudziwa. Koma chimodzi sichingadikire. Tsopano ndi Juni, kukuzizira, anthu akulowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera, magetsi akazima akuyatsa makandulo pafupi ndi makatani. Ikatha nyengo imeneyi udzu uuma, moto wa m'tchire uyamba. Shifiti yathu ilowa Lachinayi madzulo 6 koloko. Ndikupempha kuti mmodzi mwa inu abwere pa perete wa tsiku limenelo, achotse chisoti chija pa msomali, achipukute, achipereke m'manja mwa munthu mmodzi tonse tikuona, ndipo winayo amuuze mawu oyenera kuuza munthu amene wakugwirirani ntchito. Mukalephera kubwera, tumizani kapepala ka dzina limodzi, ndidzakakhoma ndekha pa bolodi. Belu likalira usiku umenewo ndidzakhala pa pampu, ndipo ndidzatsegula mbali imodzi.

Ine wanu pantchito,

Dalaivala wa pa pampu,
Mzuzu